Kakonzedwe ka Chithunzi cha Mpikisano wa Zithunzi Zoseketsa

Mwafunsa mmene mungaikire mbuzi pa Nelson Mandela Bridge pampikisano wa Amalawi okhala ku Johannesburg. Musanayambe, pezani GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, ndi zithunzi ziwiri zooneka bwino zomwe munajambula nokha, china cha mbuzi, china cha mlathowo.

1. Dulani mbuziyo pachithunzi chake mosamala, makamaka m'nyanga ndi m'ndevu, ndipo muisunge ngati fayilo ya PNG, chifukwa fayilo ya JPEG imasiya kabokosi kozungulira mbuziyo.
2. Tsegulani chithunzi cha mlathowo, muike mbuziyo pa layer yakeyake, kutanthauza gawo lapadera pamwamba pa chithunzicho.
3. Ichepetseni kuti msinkhu wake ugwirizane ndi minibasi zodutsa.
4. Ambiri amalakwitsa pamthunzi: ngati mithunzi ya magalimoto yagwera kumanzere, wa mbuzinso ugwere komweko, apo ayi idzaoneka ngati ikulendewera m'malere.
5. Potumiza pa WhatsApp, sankhani Document kuti chithunzicho chisachite chimbuuzi.