Kusamalira seva kuti isaime nthawi ya msika wa fodya

Ndimayang'anira seva, kompyuta yaikulu imene makompyuta ena onse a muofesi amadalira, ya kabungwe kena ka alimi kosunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Kasungu. Msika ukatsegulidwa ku Chinkhoma mzere umayamba m'mamawa, ndipo makina akaima aliyense amayang'ana ine.

Anzanga amakonda kukangana kuti chabwino n'chiti choyendetsera seva, Linux kapena Windows Server. Ine ndinasankha Ubuntu LTS, mtundu wina wa Linux, poti amaikonza kwa zaka zisanu, ya 24.04 ifika mpaka 2029. Koma kuno chimene chimagwetsa seva kawirikawiri ndi magetsi.

Choncho yambani ndi UPS, bokosi la batire lopatsa seva mphamvu kwa kanthawi magetsi akathima. Kungoigula sikokwanira. Ilumikizeni ku seva ndi chingwe cha USB, muike pulogalamu ya NUT kapena apcupsd, kuti batire likatsala pang'ono kutha seva idzizimitse yokha mwadongosolo. Ikathima mwadzidzidzi database, pulogalamu yosunga maakaunti a mamembala, ili mkati molemba, mafayilo amawonongeka, ndipo mumadzazindikira ndalama za membala zitasokonekera kale. Kenako lowani mu BIOS, momwe mumasinthira kayakidwe ka kompyuta, musankhe zoti magetsi akabwera makina ayake okha. Mapulogalamu ofunika apatseni lamulo la Restart=on-failure mu systemd, imene imayatsa ndi kuyang'anira mapulogalamu pa Ubuntu, kuti akagwa adzuke osadikira munthu. Mukatha zonsezi, Loweruka masana ofesi itatsekedwa zulani pulagi ya UPS kukhoma, mukhale pansi muonerere. Batire lofooka limadziwika pamenepa.

Madisiki akhale awiri pa RAID 1, onse osunga zinthu zofanana, kuti imodzi ikafa inzake ipitirize. Komatu mukafufuta fayilo molakwitsa imafufutika pa onse awiri, ndiye backup ndi nkhani ina: ichitike usiku uliwonse, kope lina lizigona kunja kwa ofesi, ndipo nthawi zina muziyesa kulibwezeretsa. Lolemba lililonse ndimalemba lamulo la df -h kuti ndione malo otsala pa disiki, chifukwa ikadzaza ndi ma log, mafayilo olemba zimene makina akuchita, zonse zimaima.

Ma update musawathawe, koma musawaikenso pakutha pa mwezi. Mu Julaye 2024 update yolakwika ya CrowdStrike, kampani ya mapulogalamu oteteza makompyuta, inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni padziko lonse. Yambani mwayesa pa kompyuta ina yosafunika kwenikweni.

Mu Okutobala fumbi ndi kutentha zimatsamwitsa mafani. Pemererani ndi blower, ndipo seva isakhale pansi pasimenti. Dzinja likayandikira tetezaninso chingwe cha netiweki, mphenzi imalowera kumeneko.

Abwana akafuna lonjezo loti seva izigwira ntchito 99.9% ya nthawi yonse, auzeni kuti ndi maola osakwana 9 okha oima pa chaka chonse, ndiye aikiretu ndalama ya mabatire atsopano mu bajeti.