Momwe mungajambulire dziwe la St James ku Cape Town ndi foni yanu yomweyo

Amalawi ambiri amene tili ku Cape Town timangodutsa pa St James tili m'sitima, kupita kapena kuchokera kuntchito. Sitima ya Southern Line ikachoka pa Muizenberg kulowera ku Kalk Bay ndi Simon's Town, mumaona pawindo dziwe lomangidwa ndi simenti pakati pa matanthwe, ndipo pambali pake pandandalika tinyumba tamatabwa tofiira, tachikasu, tobiriwira ndi tabuluu. Dziweli lakhalapo zaka zoposa 100, ndipo madzi ake ndi a nyanja ya False Bay yomweyo, amene amalowa okha mafunde akalumpha khoma. Anzanga akaona zithunzi zanga za pamenepa amafunsa kuti kamera ndinagula ndalama zingati. Kamera ndilibe, ndi foni basi. Chimene ndinaphunzira ndi kudziwa nthawi ya nyanja.

Yambani ndi zimenezo musanachoke n'kunyumba komwe. Ife tinakulira ku nyanja ya Malawi, kumene madzi amene mwawaona m'mawa pa Senga Bay mumawapeza pomwepo madzulo. Nyanja yamchere siitero. Imakwera kawiri ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo kuchokera pamene yadzaza kufika pamene idzazenso pamapita maola 12 ndi mphindi 25, choncho nthawi yake imasuntha tsiku ndi tsiku. Lembani pa Google mawu akuti Muizenberg tides, mudzaona ndandanda ya sabata yonse. Madzi akatsika, khoma la dziwe limaonekera lonse, m'kati muli phee ngati galasi, ndipo tinyumba tija timaonekera m'madzi chozondoka. Madzi akadzaza, mafunde amawomba khoma n'kulimiza, chithunzi chimakhala cha thovu ndi mphamvu. Zonse ndi zabwino, koma sankhani chimodzi pasadakhale. Mwezi ukakhala wathunthu kapena wamdima, madzi amakwera kwambiri ndi kutsikanso kwambiri kuposa masiku ena.

Muonenso za mphepo. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Febuluwale kumawomba mphepo yochokera kummwera chakummawa, imene kuno amaitcha Cape Doctor. Ndi mbale wake wa mwera wa kwathu uja, woletsa asodzi kulowa m'nyanja. Ikayamba, madzi a m'dziwe amachita makwinya ndipo chithunzithunzi chonse chija chimatha. Nthawi zambiri imakula masana, n'chifukwa chake muyenera kulawira.

St James anayang'ana kotulukira dzuwa. Dzuwa limatuluka kutsidya kwa nyanja, kuseri kwa mapiri a Hottentots Holland, ndipo kuwala kwake koyamba kumagwera pa nkhope za tinyumba tija. Mu Disembala limatuluka cha m'ma 5:30, pamene mu Juni limachedwa mpaka kuyandikira 8:00. Ine ndimakonda miyezi yozizirayi, tsiku limene mvula yakata, chifukwa sindidzuka usiku komanso anthu amakhala ochepa. Fikani kutatsala theka la ola kuti dzuwa lituluke. Musapite nokha kudakali mdima, tenganani awiri kapena atatu, ndipo foni muziitulutsa pokhapokha pamene mukujambula. Mukatsika pa siteshoni, dzerani kanjira ka pansi pa njanji. Pa njanji penipenipo musaimepo, ngakhale mutaona kuti pakujambulika bwino.

Mukafika, pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa, ndipo muzibwereza pafupipafupi. Mpweya wa pamenepa uli ndi mchere umene umamata pagalasi osaoneka, zithunzi n'kumatuluka ngati zajambulidwa mu utsi. Tsiku langa loyamba ndinabwerera kunyumba ndi zithunzi zambirimbiri zotero, ndipo zinandipweteka mtima chifukwa m'mawa umenewo kumwamba kunali psuu.

Kenako tsegulani mizere ya grid mu kamera ya foni, mizere yopingasana imene imaoneka pa sikirini yothandiza kuwongola chithunzi. Mzere umene nyanja ikumana ndi thambo uyenera kugona mowongoka. Ukapendekeka pang'ono pokha, woona chithunzi amamva ngati madzi akutayikira mbali imodzi.

Apa tsopano ndi pamene pagona nkhani. Anthu ambiri amajambula ataimirira, foni ili pamaso, ndipo onse amatuluka ndi chithunzi chofanana. Inu pitani kumbali kwa dziwe, mutembenukire ku tinyumba, dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena chammbali. Nyonyomalani mpaka foni itatsala pang'ono kukhudza madzi. Itembenuzeni, kamera ikhale kumunsi. Mudzaona tinyumba tawirikiza, tina pamwamba tina m'madzi, kumbuyo kwake kuli phiri. Gundani pa sikirini pamene pali tinyumbato kuti foni ilunjike pomwepo, kenako tsitsani kuwala pang'ono ndi chala. Foni payokha imakonda kuwalitsa mopitirira, ndipo utoto wofiira ndi wachikasu uja umasuluka. Zoom yokoka ndi zala isiyeni. Ngati mukufuna kuyandikira, yendani.

Mukatero dikirani. M'mawa uliwonse pamabwera anthu odzasambira, ena achikulire ndithu, amene saopa kuzizira. Munthu mmodzi akamayenda pakhoma atakoleka thaulo paphewa, kapena akangolowa m'madzi n'kusiya mizere yozungulira, chithunzi chimakhala ndi moyo. Sitima nayo ikamadutsa kuseri kwa tinyumba, gwirani batani lojambula zithunzi zambiri motsatizana, musankhe pambuyo pake. Njanji imeneyi inafika ku Kalk Bay mu 1883, ndipo ndi imene inachititsa kuti anthu a m'tauni ayambe kukhamukira kugombe lino.

Pa za anthu ndili ndi mawu. Munthu amene ali m'zovala zosambira musamujambule pafupi musanamupemphe, ndipo ana a eni musawajambule makolo awo asanavomere. Wakutali amene nkhope yake siikuoneka alibe vuto. Koma musawachotse onse m'chithunzi pofuna kuti malo aoneke oyera. M'nthawi ya tsankho gombe ili linali la azungu okha, ndipo lamulo la 1953 logawa malo ngati awa potengera khungu linathetsedwa mu 1990. Mukaona agogo achikuda akusambitsa mdzukulu pakona yosaya ya dziwe, dziwani kuti iwowo ali ana sakanaloledwa kuponda pamenepo. Kwa ine chithunzi chotero, mutachipempha mwaulemu, chimaposa cha tinyumba.

Ngati mwabwera madzi atadzaza, khalani kumchenga kapena pa kanjira koyenda pansi kochokera ku Muizenberg. Pakhoma musakwerepo. Ndere zake zimaterera ngati therere, ndipo funde lalikulu limabwera mosayembekezereka pambuyo pa ang'onoang'ono angapo. Nyanja musaifulatire. Kuti madzi aoneke osalala ngati nkhungu, tsamiritsani foni pachikwama kuti isagwedezeke. Pa iPhone jambulani ndi Live Photo kenako musankhe Long Exposure, pa mafoni ena a Android lowani mu gawo la kamera lotchedwa Pro mode n'kuchepetsa liwiro la shutter, kuti kamera itenge nthawi yotalikirapo pojambula. Izi zimatheka bwino dzuwa lisanakwere.

Madzi akaphwa yang'ananinso pansi. M'timaenje ta m'matanthwe mumakhala nkhono, tinsomba ndi tizilombo taminga tozungulira timene timabaya phazi, choncho valani nsapato. Jambulani kokha, musatole kanthu, chifukwa gombe la kuyambira pa dziweli kukafika ku Kalk Bay ndi lotetezedwa ndi lamulo. Pakati pa Juni ndi Novembala muzikwezanso maso, anamgumi amalowa mu False Bay ndipo nthawi zina amaonekera kuchokera kumtunda.

Pokonza chithunzi, wongolani mzere wa nyanja, dulani zinyalala za m'mbali, utoto muusiye momwe ulili. Potumiza kumudzi pa WhatsApp, chitumizeni ngati document, apo ayi chimafika chitaphwanyika ndipo tinyumba ta m'madzi tija sitioneka bwino.