Mmene ndinakonzera pansi pa galaja kuti ikhale chipinda

Pansi pa galaja nthawi zambiri amamanga mopendekera kukhomo kuti madzi azituluka, ndiye bedi likanakhala chopendama. Chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi chinyezi. Ndinamata kachidutswa ka pulasitiki pansipo, m'mawa mwake kunsi kwake kunali madontho a madzi.

Ndinathira madzi m'payipi yoonekera mkati, n'kumayeza nayo mpaka ndinalemba mzere wofanana pamakoma onse. Kenako ndinayala pulasitiki wokhuthala, polumikiza ndikusanjikiza masentimita 15, m'mbali ndikumukweza pakhoma. Apa m'pamene ambiri amachita ulesi, chinyezi n'kumalowera m'ngodya. Pamwamba ndinathira simenti yosakaniza ndi mchenga, gawo 1 kwa magawo 4, yochindikala masentimita 5 kumtunda, kukhomo yochulukirapo.

Matailosi ndinaika itaumiratu, ndipo imachedwa kuuma.