Momwe ndinachotsera zobiriwira pa makobiri akale a ku Britain

Makobiri a nthawi ya Mfumukazi Victoria amene ndinagula anabwera m'timatumba ta pulasitiki yofewa ya PVC. Pulasitiki imeneyi ikakhalitsa imatulutsa zomatamata zobiriwira, ndipo pang'onopang'ono zimadya mkuwa. Amene anagwidwa kwambiri ndi a mkuwa weniweni, opangidwa isanafike 1860, chaka chimene anayamba kusakaniza mkuwa ndi tini ndi zinki pang'ono.

Mandimu, viniga ndi polishi wa zitsulo sindinazikhudze n'komwe. Zimachotsa mtundu wa bulauni umene ndalama imatenga ndi zaka, ndipo odziwa sagula kobiri yonyezimira ngati poto wotsuka ndi phulusa.

Makobiriwo ndinawaviika mu asetoni (mankhwala amadzimadzi osungunula zomatamata) weniweni, osati wochotsera utoto kuzikhadabo chifukwa amathiramo mafuta onunkhira. Botolo likhale lagalasi, lotseka, kutali ndi moto. Zomatazo zitafewa ndinagudubuza kathonje pamwamba, osapekesa, n'kutsukuluza mu asetoni watsopano. Anauma okha.

Imodzi inali ndi dzimbiri lobiriwira lolimba, lolowa kale m'kati. Pamenepo asetoni sathandiza, choncho ndinaipatula kuti isakhale ndi zinzake. Otsalawo ali m'timaenvulopu ta pepala lopanda asidi, m'bokosi momwe ndinaikamo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi.