Momwe mungayezetsere ziwengo za mungu wa mitengo mu Harare

Mwezi wa Okutobala, jacaranda akachita maluwa mumsewu wa Leopold Takawira, anthu oyetsemula mosalekeza ndi oyabwa maso amaloza chala mtengo umenewu, chonsecho mungu wake ndi wolemera ndipo umanyamulidwa ndi njuchi. Mungu wovutitsa mphuno ndi wouluka ndi mphepo, monga wa mabulosi ndi wa cypress, komanso wa udzu m'nyengo ya mvula. Kuti mudziwe umene thupi lanu likudana nawo, muyenera kuyezetsa.

Yambani ndi dokotala kuti akulembereni kalata ya ku labotale, ndipo mumufotokozere miyezi imene vutoli limakula komanso mitengo yozungulira nyumba yanu. Ngati muli pa medical aid, funsani kaye ngati amalipirira kuyezaku, chifukwa mtengo wake umakwera malinga ndi kuchuluka kwa mitundu ya mungu imene mwapempha.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya pakhungu: amadontheza timadzi ta mungu wosiyanasiyana pamkono, n'kubaya pang'ono pa dontho lililonse, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 amayeza zotupa. Chotupa choposa ndi mamilimita 3 cha pa dontho la madzi amchere, limene amaika lopanda mungu kuti afananitsire, chimasonyeza kuti thupi laukana munguwo. Musanapite, siyani mankhwala a ziwengo monga cetirizine, loratadine kapena Piriton kwa masiku amene dokotala wanena, kawirikawiri pafupifupi sabata, apo ayi khungu silionetsa kanthu. Mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi zoterezi. Yachiwiri ndi ya magazi, imene sifuna kusiya mankhwala kapena kusala chakudya.

Pa njira ya magaziyi ndi pamene ndalama zimatayikira. IgE ndi asilikali a m'magazi amene thupi limapanga likadana ndi chinthu. Pakalata payenera kulembedwa specific IgE, yoyeza mtundu uliwonse wa mungu pawokha, osati total IgE, yoyeza onse pamodzi, popeza total IgE imakwera ngakhale mwa munthu wa njoka za m'mimba kapena likodzo, ndipo sitchula mtengo uliwonse. Komanso musavomere mawu akuti tree mix, kutanthauza msakanizo wa mungu wa mitengo ingapo, musanaone mndandanda wa mitengo imene ilimo. Pa labotale ina ya ku Avenues anandiyeza ndi msakanizo wokonzedwera anthu a ku Ulaya, wa birch, alder ndi hazel, mitengo imene simungaipeze ku Mbare kapena ku Highfield. Zotsatira zinabwera zoyera, koma mamina akungotsika. Nditabwererako, mayi wa pa kauntala anatulutsa buku la mayina a zoyezedwa, tinatsata ndi chala mzere ndi mzere mpaka tinapeza mabulosi, cypress ndi bulugamu, uliwonse ndi nambala yake, ndipo ndinalipiranso kachiwiri. Pemphani bukulo asanakubayeni jakisoni, ndipo onjezani udzu ndi nthata za m'fumbi la m'nyumba, chifukwa nthawi zambiri mlandu umakhala kumeneko.

Amene amayenda ndi kamakina kogwiritsa m'manja, kapena odula tsitsi n'kumati akuyeza ziwengo, musawapatse ndi dola imodzi yomwe, chifukwa njira zimenezo sizipima IgE.

Funsani tsiku lotengera zotsatira, popeza malabotale ena amatumiza magazi ku South Africa. Nambala yosafika 0.35 kU/L nthawi zambiri imawerengedwa kuti mulibe, koma yoposa pamenepo payokha si matenda ngati zizindikiro zanu sizigwirizana ndi nyengo ya mtengowo. Pepalalo libwerere kwa dokotala, makamaka ngati muli ndi mphumu.