Atolankhani akuchigwa cha Shire kuno, yuniyoni imayambika chonchi

Choyamba tichotse chisokonezo, press club si yuniyoni. Kalabu imathandiza pa maphunziro ndi pamaliro koma singakhale pansi ndi abwana anu kukambirana za malipiro. MISA Malawi nayo imatimenyera ufulu wofalitsa nkhani, za salale ndi ntchito ya yuniyoni. Odula nzimbe ku Nchalo ali nayo yawo kalekale, ife a maikolofoni tikungotchena m'thumba muli mbee.

Ku America olemba nkhani za magemu apakompyuta anazitulukira msanga. Mu 2015 ogwira ntchito ku Gawker Media, kampani yomwe inali mwini wa webusayiti ya za magemu ya Kotaku, anavota kulowa yuniyoni ya Writers Guild of America, East, a ku Vox Media komwe kunali webusayiti ina ya za magemu ya Polygon yuniyoni yawo inavomerezedwa 2018, a webusayiti ya IGN anayambitsa yawo 2024. Ntchito yoti anthu amaisirira mabwana amapezerapo mwayi, amati uzithokoza kuti uli pano, kuno kwathu amangoti ndinu mavolontiya mukutumikira dera.

Yambani awiri kapena atatu okhulupirirana, ndipo chonde osati pa gulupu ya WhatsApp ya kuofesi, mumakhala alamu awo a manejala mmenemuja, sikirinishoti imafika musanamalize kutaipa. Kumanani panja, kaya pamthunzi ku Bangula kaya pa Dyeratu mukumwa thobwa.

Kenako kope. Apa ndiye pagona nkhani, aliyense azilemba nthawi yolowa ndi yoweruka, tsiku lomwe alawansi yabwera ndi miyezi yomwe sinabwere, mayunitsi ndi bandulo yomwe wagula yekha, ya kabaza, ya bwato powolokera ku Makhanga, ngakhale masiku omwe munagona kumakampu nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 mukutumiza nkhani pafoni yanu yomwe, zonsezo zilowe. Kungodandaula kuti tikuzunzika abwana amayankha kuti tonse tikuzunzika, koma makope asanu ofanana amawasowetsa chonena. Musaiwale a zamakina, adalaivala, osaka malonda ndi alonda, atolankhani timakonda kudziona apamwamba nde pamapeto timatsala ochepa.

Lamulo lili mbali yanu. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko lino limapereka ufulu woyambitsa kapena kulowa yuniyoni, ndipo lamulo la zantchito la Labour Relations Act la 1996 limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha zimenezi. Yuniyoni ikakhala ndi anthu 20 pa 100 aliwonse apantchitopo itha kuitana olemba ntchito kuzokambirana, ndiye kuti pa wailesi ya anthu 15 atatu akwana, koma ine sindingakulangizeni kupita atatu, n'zosavuta kukusinthirani mashifiti mpaka mutope. Dikirani mupose theka. Kulembetsa yatsopano kumadzera kwa Registrar, wolembetsa mayuniyoni ku unduna wa zantchito, ndipo pamafunika malamulo anu olembedwa, chachidule n'kungolowa Journalists Union of Malawi yomwe ilipo kale, n'kusankha wokuyimirani pamalopo. A MCTU, bungwe lalikulu la mayuniyoni m'dziko muno, nawo amaunikira.

Popita kwa abwana musanyamule zofuna 20. Kalata ya ntchito yosainidwa, tsiku lodziwika lolandira, thiransipoti yopitira kokatola nkhani kuti tisamadalire chipondamthengo cha andale ndi mabungwe, ndi penshoni, yomwe olemba ntchito amaika 10 peresenti inu 5. Zoona mawailesi am'madera ndalama zawo n'zochepa, akatero auzeni mwaulemu atsegule mabuku muonere limodzi, mwina vuto ndi otsatsa malonda osalipira.

Zikakanika yambirani ku ofesi ya leba pa boma, ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kenako khoti la nkhani zantchito, Industrial Relations Court, ku Blantyre. Sitalaka ili ndi ndondomeko yake, mukangodzuka n'kuzimitsa situdiyo mwawapatsa chifukwa chokuchotserani. Makope aja ndi mndandanda wa mamembala muzijambula n'kudzitumizira pa imelo yanu osati ya kuntchito, kuno madzi akabwera mapepala satsala.