Mukapeza zipolopolo kudimba kapena m'matope, chitani izi

Abale anga aku Nsanje ndi Chikwawa, makamaka inu okhala cha kumalire, nkhondo ya ku Mozambique inatha 1992 koma zipolopolo zina zidakali m'nthakamu, ndiye madzi osefukira ngati aja a namondwe Freddy mu 2023 amatha kuzifukula, mwana nkutola kumayesa choseweretsa.

Choyamba musachimenye olo pang'ono. Kumatako kwa chipolopolo kuli kabatani kakang'ono kotchedwa primer, mkati mwake muli mankhwala oti akangogundidwa, kukhulidwa kapena kutenthedwa amaphulika pompo nkuyatsa wonga, ndipo dzimbiri lisakupusitseni kuti chinafa ayi, cha zaka 30 chimathabe kulira. Anyamata ena amachikhoma ndi msomali kuti achotse wonga kapena akagulitse mkuwawo, zala ndi maso zimathera pomwepo, ine zimandiwawa kwabasi. Pamoto ndiye ayi ndithu, chikaphulika tizitsulo timauluka mbali zonse, ndiye mukamatentha mapesi pamalo pomwe mwachiona, yambani mwaima kaye.

Chisiyeni pomwepo, zikani kamtengo chapatali pang'ono kuti malowo adziwike, ana ndi mbuzi zitalikire, kenako kawuzeni amfumu ndi apolisi abwere adzachotse okha. Osachiika mthumba kuti mukaonetse anthu pamsika.

Ngati mwana wachigwiragwira asambe m'manja ndi sopo asanadye, muli mtovu umene ndi poizoni.

Komanso zodzadza nokha wonga ndi ma primer m'zipolopolo kunyumba musayese, nkhani za mfuti kuno zimafuna laisensi, ndipo ma primer akaunjikana m'chitini kamodzi kakaphulika onse amatsatira nthawi imodzi.